Ayisikirimu wa Apongozi

Alamu anga a Owen ndi munthu wophunzira. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa iwonso akamadzifotokoza amayambira pomwepo. Anabwera kwathu, kuseri kwa Nsaru, kudzakwatira mng'ono wanga Thoko, ndipo monga amachitira mwamuna aliyense wokwatira kuno, anamanga kanyumba kuseri kwa nyumba ya amayi n'kukhala mkamwini. Makolo awo anachokera ku Phalombe kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya, choncho analibe mudzi wapafupi woti angamatiopseze nawo. Analima munda wa amayi, anafolera khitchini, anabereka Nowa. Kunena zoona sanali mkamwini woipa, kungoti ankayankhula ngati wailesi.

Mavuto anayamba atapeza ntchito ku Chitedze, kuja amayesa mbewu. Pamodzi ndi ntchitoyo anawalonjeza nyumba ya magetsi, ya mpopi m'kati, koma anawauza kuti nyumbayo ndi ya munthu wokhala ndi banja lake. Mvula ikayamba asanalowemo ndi mkazi, aipereka kwa wina. Padakali pano ankagona pa kachipinda ka lendi ku Mpingu n'kumabwera kuno Loweruka pa njinga yamoto, atavala chipewa chachitsulo ngati akupita ku mwezi.

Kuno mkazi sumangomunyamula ngati thumba la chimanga. Umapempha chitengwa kwa eni mbumba. A Owen anapita ndi nkhuku kwa atsibweni athu a Januario, ndipo atsibweni anaidya nkhukuyo bwinobwino mpaka mapazi, kenako anati iwo alibe mawu, koma mwana ali ndi mayi wake.

Amayi anga a Malita chibadwire sanakanepo kanthu. Kukana ndi mwano, ndipo iwo ndi mayi wa Chikatolika wa mpando wakutsogolo. Iwo amangodwala. Chaka chimenecho anali atadwaladi malungo nthawi yokolola, anachira, mpaka ankakasenza okha nkhuni. Koma nkhani ya chitengwa itangofika, anakumbukira kuti m'kamwa mwawo mukuwawabe. Anati nkhani yaikulu ngati imeneyi munthu sangaikambe m'kamwa mukuwawa, angayankhe zolakwika. Titafunsa chimene chingatsuke m'kamwamo, ife tikuganiza za mandimu kapena thobwa, iwo anati ayisikirimu. Osati ayisikirimu wamba, koma uja anadya pa ukwati wa mwana wa akatekisiti, zaka zapitazo, kamodzi kokha m'moyo wawo wonse. Akangomulawanso ameneyo, nkhani ya Thoko yatha, apite.

Tsono mkamwini ndi apongozi ake aakazi kuno sayankhulana maso ndi maso. Akakumana panjira, mmodzi amapatukira kutchire ngati waona njuchi. A Owen, ndi maphunziro awo onse, mwambo umenewu ankausunga kuposa ife eni ake, poopa kunenedwa kuti mwana wa tenanti alibe khalidwe. Choncho nkhani zonse zinkadzera mwa ine, Magdalena, mwana woyamba. Amayi ankakhala pakhonde, a Owen ankanjuta kuseri kwa nkhokwe, ine n'kuima pakati pa bwalo kumabwereza mawu amene onse awiri awamva kale. Ntchito yolemekezeka kwambiri, yosowa malipiro.

Loweruka loyamba a Owen anandituma kuti ndifunse mtundu wa ayisikirimuyo. Anatchula mayina angapo a Chingerezi, ine ndinawasiya panjira.

"Akuti anali wotani?" ndinatero.

Amayi anayang'ana kumwamba ngati akuwerenga pamitambo. "Uwauze bambo a Nowa kuti anali woyera, koma osati woyera kwenikweni. Wotsekemera, koma patali ukumva kamchere. Ndipo m'kati munali timiyala tokukutika."

Kuseri kwa nkhokwe kunamveka kuseka kwa munthu amene wapeza funso lophweka pamayeso. A Owen anati ntchito yaing'ono imeneyo, sabata yamawa apongozi akhala atachira. Anagula kulabokosi, kabokosi kosungira zozizira kaja, n'kukamangirira kumbuyo kwa njinga ndi malamba a chubu.

Anayamba ndi wa vanila. Anakamugula m'shopu yaikulu mutauni, anathamanga naye pamsewu wa Mchinji, n'kukhotera kufumbi lathu. Thoko anamuika m'kapu yagalasi ya alendo, ine ndinaipereka chogwada. Amayi anachita chizindikiro cha mtanda, ananyambita nsonga ya sipuni, n'kubweza kapu.

"Si ameneyu."

Ndinatembenuka n'kuuza nkhokwe kuti si ameneyu.

Wa sitiroberi anati akununkhira sopo wosambira. Komanso ndani anawauza bambo a Nowa kuti chinthu chofiirira n'choyera, kapena kusukulu kwawoko mitundu sanaphunzire? Funso limeneli ndinalifikitsa lonse, pang'onopang'ono, kuti lisatayike panjira. Wa chokoleti anati wapserera, amene anaphika anali pa foni. Kunabwera wa nthochi, amayi anati nthochi zili kudimba, sizifunika njinga yamoto. Kunabwera wina wa timabisiketi tophwanyaphwanya, poti a Owen anaganiza kuti ndiye timiyala tija. Amayi anatafuna kamodzi n'kufunsa ngati mutauni anthu ayamba kugulitsa nyenyeswa.

Musaganize kuti otsalawo ankatayidwa. Amayi akabweza kapu, bakuli lonse linkakhala lathu, ndipo linkafunika kutha msanga dzuwa lisanalimalize. Ine ndinadzipereka. Azimayi a mumphakati wathu, amene kale Loweruka ankatanganidwa, anayamba kudzazonda odwala aliyense ndi sipuni m'chitenje. A Zelifa oyimba kwaya anafika pokhala ndi maganizo awoawo pa nkhani ya ayisikirimu, munthu woti kale ankangodziwa firizesi wa pamsika. Ankati iwo wa sitiroberi ndiye wawo, ndipo ngati kungatheke alamu alakwitsenso chimodzimodzi. Mudzi wonse unkapempherera amayi kuti achire, koma osafulumira.

A Owen sanagone. Anafufuza pa foni, anafunsa anzawo a kuntchito, anayendera mashopu onse a mutauni n'kumaweramira m'mafiriji mpaka alonda anayamba kuwatsata pambuyo. Tsiku lina anafika akuwala nkhope. Anaima kuseri kwa nkhokwe n'kundifotokozera, mokweza kuti khonde limve, kuti vuto lonse linali la kusadziwa. Kunja kuno kuli ayisikirimu wothira mchere mwadala, wa shuga wowotcha, woyera koma osati kwenikweni, wokhala ndi timibulu. Anamupeza m'shopu ya azungu, ndipo mtengo wake sindiunena, mungadwale. Anati sayansi siinama.

Amayi ameneyu anamulawa kawiri. Ngakhale a Zelifa anabisa sipuni.

"Uwauze kuti ayesetsa," anatero amayi. "Koma si ameneyu."

Tsiku limenelo ine ndinadya kwambiri kuposa masiku onse, ndipo ndinaseka alamu mpaka misozi. Mlamu ndi wosekedwa, mwambo umalola. Ndinawafunsa ngati sayansi ija ili ndi mchemwali wake woti tikamufunse.

Kuseka kunathera m'nyumba mwa Thoko. Ndinalowa masana kukabwereka sefa, ndinamupeza atakhala pamphasa, sutikesi ili yotsegula. Anali atayala makatani atsopano, amaluwa achikasu, amene anasoketsa kwa telala ku Namitete potengera miyeso ya mawindo a nyumba imene sanaionepo. Ankangowasisita. Mng'ono wangayu si wolongolola, anatengera malemu bambo. Anandiuza kuti bambo a Nowa asiya kuyankhula za nyumba ija. Kale ankafotokoza za mpopi mpaka iye kugona, koma tsopano akabwera amangodya n'kuyang'ana khoma. Sabata yatha sanabwere n'komwe, akuti matayala.

"Achemwali," anatero, osandiyang'ana, "a Chrispin anayambanso chonchi?"

Sefa ija ndinaiiwala. A Chrispin anali amuna anga. Nawonso anakhala pano chikamwini, nawonso anapeza malo kwawo ku Kasungu n'kupempha chitengwa. Nthawi imeneyo amayi sanadwale m'kamwa, anadwala mwendo. Anati mwendo ukapola tikambirana. Mwendowo unapola tsiku limene tinamva kuti a Chrispin akwatira wina ku Kasunguko, ndipo kuyambira pamenepo wakhala mwendo wabwino kwambiri, umafika ku tchalitchi anthu onse asanafike. Ine ndinatsala pano, pakati pa bwalo, kunyamula mawu a anthu ena. Thoko ndinangomuuza kuti apinde makataniwo angadye fumbi.

Sindikunena kuti amayi ndi munthu woipa. Bambo atamwalira, amayi anayamba kuwerenga anthu pabwalo madzulo aliwonse ngati nkhuku. Mchimwene wathu anapita ku Joni, amaimba foni pa Khirisimasi. Munthu aliyense wotuluka pachipata ndi chikwama, kwa iwo ndi maliro. Ndimawamvetsa, ndipo ndimawakwiyira, zonse pamodzi.

Kumwamba kunayamba kuda masana, anthu anayamba kugalauza. A Owen anali atamaliza mitundu yonse yodziwika, ndipo anaganiza zoyambiranso pa vanila, koma wa kampani ina. Loweruka limenelo tayala linaphulikadi, atangodutsa Kabudula. Anakankha njinga dzuwa lili paliwombo, ndipo pofika pa Nsaru ayisikirimu anali atasanduka phala. Anapita pa golosale ya a Gilbert, yomwe ili ndi firiji yaikulu yogona, n'kupempha kuti amusungire mpaka mawa, aume.

Lamulungu titaweruka ku Misa anandipempha kuti ndiwaperekeze kukamutenga. Ndinavomera msanga, poti kuseka mlamu pagulu kumakoma kuposa pakhomo.

Golosale ya a Gilbert ili ndi zonse, kuyambira sopo mpaka mapampu a njinga, ndipo firiji yawo nayo ndi chimodzimodzi. Atatsegula chivundikiro, anayamba kutulutsa zinthu ngati akufukula mbatata. Nsomba za kalapawu, nkhuku, mafirizesi a ana asukulu, zam'kati za mbuzi za munthu wina amene anasungitsa, kalapawu winanso. Pansi penipeni ndiye panali bakuli la a Owen, chivundikiro chitang'ambika ndi kulemera kwa nsomba. A Gilbert anatitsimikizira kuti katundu ali bwinobwino. Magetsi anangothima dzulo madzulo n'kuyaka m'mawa, monga mwa masiku onse, ndipo pa golosale pawo palibe chimene chimawonongeka.

A Owen anatsegula, ananunkhiza, n'kukhala pa kireti ya zakumwa. Ayisikirimu anali atasintha mtundu, wayera mothimbirira, pamwamba pali madzi owuma. Fungo lake linali la vanila amene wagona ndi nsomba chipinda chimodzi. Munthu wa wailesi uja anangovula chipewa chake chachitsulo n'kuchiika pamaondo, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti waonda.

"Alamu, ndatopa," anatero. "Nyumba ija aitenge. Mwina ineyo ndi amene sindikoma."

Ndinali nditakonza kale mawu owaseka, abwino kwambiri. Kuti ndiwakometse, ndinapisa chala m'bakuli n'kunyambita, cholinga ndichite tsinya anthu aseke. Tsinyalo silinabwere. Kutsekemera kunalipo. Patali, kumbuyo kwa lilime, kunabwera kamchere. Ndipo pakati pa mano panamveka kukukutika kwa timiyala ta madzi owuma.

Ndinafunsa a Gilbert ngati akukumbukira ukwati wa mwana wa akatekisiti. Anadziguguda pachifuwa. Angauiwale bwanji, pomwe ayisikirimu wa akuluakulu a patebulo lapamwamba anagona m'firiji yomweyi masiku angapo? Nthawi imeneyo pa Nsaru ponse firiji yodalirika inali yawo yokha. Anatinso anthu anamuyamikira kwambiri.

Ndinawauza alamu kuti anyamuke, apongozi akudikira. Anandiyang'ana ngati ndapenga. Anati iwo sangapereke chinthu chonunkha nsomba kwa apongozi, ndi chipongwe, ndipo mwaukhondo chinthu chosungunuka n'kuumanso sichiyenera kudyedwa. Ndinawauza kuti zaukhondozo akaphunzitse ku Chitedze, kuno anyamule bakuli.

Pakhomo zonse zinayenda monga mwa nthawi zonse. Amayi pakhonde, akadali ndi chitenje cha ku tchalitchi. A Owen kuseri kwa nkhokwe, koma ulendo uno atakhaliratu pansi. Thoko anaima pakhomo la khitchini, Nowa ali kumbuyo. Ozonda odwala anali asanafike, ankadya kaye kwawo. Ndinagwada n'kupereka kapu.

Amayi anachita chizindikiro cha mtanda, ananyambita nsonga ya sipuni. Sipuniyo inaima m'malere. Ndinali pafupi, ndinaona zonse. Maso awo anatseguka ngati a munthu amene wakumana ndi mnzake wakale pamsika, kenako anayang'ana kukhitchini kumene kunali Thoko, n'kuwabweza msanga. Anatapa sipuni yodzaza. Anatapanso ina. Timiyala tinkamveka kukukutika mpaka pamene ndinagwada. Munthu amene miyezi yonseyi ankabweza kapu yodzaza, anaikokota mpaka pansi.

Anaika kapu pambali, anapukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje.

"Si ameneyu," anatero, motsitsa mawu kuposa kale, moti sindikukhulupirira kuti anafika kunkhokwe.

Ndinadzuka. Kuchoka pakhonde kufika pakati pa bwalo si patali, koma tsiku limenelo panatalika. Ndinkadziwa kuti Thoko akapita, wotsala kuwerengedwa madzulo ndine ndekha. Sipadzakhalanso wondibwereka sefa, kapena mwana wondikodzera pachitenje. Ndinkamufuna mng'ono wanga pano monga momwe amayi ankamufunira. Ndinaima pamalo panga pa masiku onse, ndinayang'ana nkhokwe, n'kukweza mawu kuti amveke mpaka kwa a Zelifa.

"Alamu, akuti ndi ameneyu. Akuti m'kamwa mwatsekemera."

Amayi akanatha kundidzudzula pomwepo. Pakamwa anali napo, ndipo pakafunika kuitana munthu kudimba mawu awo amafika. Koma kutsutsa kukanakhala kuyankhula ndi mkamwini mwachindunji, pamaso pa ana, kapu yokokota ili pambali pawo. Ndinamva maso awo akundiotcha pamsana. Ndinadikira. Nkhuku inadutsa pakati pathu ikutola zake.

Kenako kuseri kwa nkhokwe kunamveka kuwomba m'manja, pang'onopang'ono, mwaulemu wa Chichewa umene a Owen anauphunzira mochita kuloweza. Anayamba kuthokoza, ndipo poti mawu anali atabwerera, anathokoza nthawi yaitali, mpaka anafika pa nkhani ya mpopi. Thoko analowa m'khitchini, ndipo ndinamva akulira chapansipansi kuti amayi asamve.

Ndinabwerera pakhonde kukatenga kapu. Amayi sanandiyang'ane, ankayang'ana kuchipata.

"Iwe Magdalena, makutu akowo anayamba liti kufa?"

"Chaka chimene anapita a Chrispin, amayi."

Ndinkayembekeza kuti mwendo uyambiranso, kapena msana, poti ziwalo zosadwala zinali zikadalipo zambiri. Koma amayi anangotenga kapu ija m'manja mwanga, anayang'anamo, n'kupititsa chala m'mbali mwake momwe munatsalira pang'ono.

"Uwauze bambo a Nowa," anatero, "kuti matenda amenewa amabwerera. Mwezi ukatha azibwera naye ameneyu, wa kwa a Gilbert, osati zamutauni zawozo. Ndipo kapu azindipatsa ndi Thoko, ndi dzanja lake. Iwe wayamba kugontha."

Ndinapita pakati pa bwalo, ndipo mawu amenewo ndinawafikitsa onse, osasinthako ngakhale limodzi.